Imfa ya Nondo

Ku Magomeni, mumzinda wa Dar es Salaam, aliyense ankadziwa kuti pakhonde pa Mzee Shomari sipakambidwa za mpira. Wofuna za mpira ankapitirira kwa ometa tsitsi. Pa Shomari pankabwera anthu a khofi wowawa ndi timaswiti ta kashata, ndipo akatuluka mumzikiti dzuwa litapendeka, nkhani inali imodzi basi: Nondo.

Nondo anali ngwazi ya m'mabuku a zithunzi. Nkhani yake inayambira kutsamba lomaliza la nyuzipepala ina kalekale, kenako inayamba kutuluka payokha ngati kabuku ka mwezi ndi mwezi. Poyamba anali wonyamula matumba padoko. Tsiku lina mphezi inamumenya atagwira unyolo wa sitima, thupi lake lonse n'kusanduka chitsulo. Sankauluka, sankabisa nkhope, analibenso chovala chapadera. Ankangovala kabudula wake wa kuntchito, n'kumanyamula zimene ena onse zawakanika. Mdani wake wamkulu anali Dalali, mkulu wa suti yoyera amene ankagula mithunzi ya anthu osauka, eni ake n'kumafota pang'onopang'ono.

Mwa onse okhala pakhondepo, wokonda Nondo kwambiri anali a Mbaraka Kitwana. Anayamba kumuwerenga ndevu zisanamere, ndipo nawonso moyo wawo wonse unathera padoko, m'kachipinda ka pamwamba pa kireni, kutsitsa makontena m'sitima. Anasiya ntchitoyo manja atayamba kunjenjemera. Wotsutsana nawo wa tsiku ndi tsiku anali a Nassoro, telala, mnzawo wa paubwana, amene anaima nji kumbali ya Dalali.

"Chitsulo chilibe nzeru," ankatero a Nassoro. "M'bukumu ukachotsamo Dalali, chatsala n'chiyani? Munthu wonyamula mabasi basi."

"Iwe ndiwe telala, yakukopa ndi suti," ankayankha a Mbaraka. "Akanamuveka msuli, kansalu ka m'chiuno kaja, ukanamuyang'ananso?"

Ankakangana ngati Nondo amamva njala, ngati angathe kukweza sitima yodzaza simenti, ndiponso chimene chinamulepheretsa kukwatira namwino uja anamusamala atangomenyedwa ndi mphezi. Mikangano ina inali yakale kuposa ana a ena mwa okanganawo.

Ndiye panachitika chimene palibe ankachiyembekezera. Mlembi wakale wa Nondo atakalamba n'kutula pansi cholembera, eni bukulo anasankha Zuhura, mwana wamkazi wa a Mbaraka, kuti apitirize nkhaniyo. Zuhura anaphunzira kuwerenga atakhala pamwendo pa bambo ake pakhonde lomwelo, chala chikutsatira mawu otuluka pakamwa pa Nondo. Atakula anayamba kulemba masewero a pawailesi, kenako timabuku take ta zithunzi, mpaka dzina lake linamveka.

Tsiku limene nkhaniyo inatuluka, a Mbaraka anafika pakhonde atavala kanzu, mkanjo wawo wa pa Idi. Anangokhala pansi, n'kuuza Mzee Shomari kuti athirire aliyense khofi. Kuyambira pamenepo mayendedwe awo anasintha. Akagula kabuku katsopano, ankayamba aona pachikuto pomwe panalembedwa dzina la mwana wawo, n'kupasisita ndi chala chachikulu.

"Tatitsina khutu, kutsogoloku kuli chiyani?" ankafunsa anzawo.

"Za m'nyumba sitiulula pamsewu," ankayankha iwo mothimbwidzika. Chilungamo chake, Zuhura sankawauza kalikonse. Ankati akawauza m'mawa, pofika madzulo Magomeni yense adzakhala atadziwa.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Zuhura anabwezeretsa namwino uja m'nkhani, anapatsa Dalali mwana wamkazi womuukira, ndipo ngakhale a Nassoro anavomera kuti mtsikanayu mutu wake umagwira. Koma m'nyengo ya mvula yaikulu kunatuluka kabuku ka chikuto chakuda bii, popanda chithunzi.

A Mbaraka anakagula kumsika wa Kariakoo, n'kuyamba kukawerenga ali m'basi yobwerera. M'nkhanimo munali namondwe. Pantoni yowolotsa anthu inali itafa injini pakati pa madzi, yodzaza amayi a kumsika ndi ana a sukulu, mafunde akuikankhira kumiyala. Dalali munalibemo n'komwe. Nondo anaima pagombe, akuyang'ana mawondo ake amene anali atayamba kale kufiira ndi dzimbiri, podziwa chimene madzi amchere angamuchite. Kenako analowa m'nyanja. Anaika pantoniyo pamapewa, n'kuigwira chomwecho mpaka munthu womaliza atatsika. Atafuna kutuluka, miyendo inakana. Tsamba lomaliza linaonetsa chimunthu chofiira chitaima m'madzi olekeza m'chifuwa, manja ali m'mwamba, mbalame zitatera pamutu pake.

A Mbaraka anapitirira pamalo potsikira. Anadzidzimuka kondakitala akuwagwira paphewa basi itafika kumapeto kwa ulendo.

Atafika pakhonde anapeza anthu atadzaza kuposa masiku onse, ndipo atangowaona, onse anakhala chete ngati pamaliro. Mzee Shomari anawathirira khofi osawayang'ana kumaso. Woyamba kutsegula pakamwa anali a Lyimo, mphunzitsi wopuma ntchito amene nthawi zambiri ankaweruza mikangano ya pakhondepo.

"Pepani, a Kitwana. Tonse taferedwa, koma inu maliro ali m'nyumba."

"Wafa ngati nkhuku yogwera m'chitsime," anatero a Nassoro. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti Dalali adzamumalize ndi manja ake, lero mukundiuza kuti wamupha ndi madzi? Osaponya ndi chibakera chimodzi chomwe?"

"Nkhani sinathe," anatero a Mbaraka, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Yatha, m'bale wanga. Ndipo ngati sukuona, ndikuonetse ine. Wa padoko, wokalamba, mfundo zayamba kukana. Ukuganiza kuti mwana wako amajambula ndani? Wakuika m'manda uli moyo. Dzimbirilo ndiwe."

Ena anaseka pang'ono, kenako analeka. A Mbaraka anafuna kukweza kakapu kawo, koma dzanja linanjenjemera, khofi n'kutayikira pakanzu. Anakaika pansi, anadzuka, n'kumapita kwawo osatsanzika.

Masiku otsatira sanapitenso pakhonde. Ankakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mpapaya, kabuku kakuda kaja kali pamwendo. Ankati akwiyire a Nassoro, koma mtima unkawauza kuti mwina telalayo wanena zoona. Kodi mwana wawo ankawaona chomwecho, ngati chitsulo chotha ntchito chongoyenera kuteredwa ndi mbalame?

Akazi awo, Bi Tatu, anawapirira kwa kanthawi, kenako zinawakwana.

"Bambo a Zuhura, amalume anu enieni atamwalira simunasale kudya chonchi. Munthu wa papepala ndiye akuumitseni?"

"Simungazimvetse."

"Chimene ndikumvetsa ine n'chakuti mwana wanu sakugona. Mwaona zimene akumulembera pafoni?"

Anawapatsa foni. A Mbaraka anawerenga pang'onopang'ono, atatalikitsa foniyo ndi maso. Anthu ochokera ku Mwanza, ku Tanga, ngakhale ku Mombasa, ankatukwana Zuhura. Ena ankati achotsedwe ntchito. Wina analemba kuti izi ndi zimene zimachitika ukapereka ngwazi yachimuna m'manja mwa mkazi, akanangomusiya azikaphika. Pamenepo a Mbaraka anabweza foniyo mokwiya. Kukwiyira Zuhura unali ufulu wawo monga bambo komanso monga wowerenga wakale. Koma uyu, wosadziwa n'komwe kuti namwino wa Nondo dzina lake ndani, anali ndani kuti atsegule pakamwa?

Lachisanu Zuhura anabwera kudzadya nkhomaliro monga mwa nthawi zonse. Anali ataonda, m'maso muli gwa. Anadya mpunga wophikira kokonati ndi nsomba mwakachetechete, mayi ake okha ndi amene ankayankhula za mitengo ya zinthu kumsika. Atasamba m'manja, a Mbaraka anafunsa funso limodzi.

"Unamupheranji?"

"Baba, funso limeneli si lanu nokha. Ndikakuyankhani kuno, mawa mukalinyamula kupita nalo pakhonde, mukalipotoza. Ndikayankhira komweko, onse akumva."

"Pakhonde? Akakudya wamoyo."

"Ndinakulira pomwepo. Mano awo ndimawadziwa."

Mawa lake a Mbaraka anatsogola, mwana wawo ali pambuyo. Mbiri inali itawanda kale, moti anthu anadzaza mpaka mumsewu. Okwera njinga zamoto anaimika njinga zawo, ometa tsitsi aja anasiya za mpira n'kubwera, amayi ena anaima pamakomo a nyumba zoyandikana. Zuhura anapereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi, anakonza mpango wake, n'kukhala pabenchi moyang'anana ndi a Nassoro.

"Mzee Shomari, ndithirireni wowawa uja. Kale munkandimana, mumvekere ndine mwana."

A Lyimo anakhala pakati ngati woweruza, ndipo anapereka mpata woyamba kwa a Nassoro.

"Mwanangu, ine ndinakusokera yunifolomu yako yoyamba, choncho sindikuda. Koma watilakwira. Ngwazi imafa pankhondo. Imafa ndi mdani wake. Dalali wamusiya kuti?"

"Amalume, Dalali akanamupha, pakhonde pano mukanati chiyani?"

"Ndikanati nzeru zaposa chitsulo."

"Ndiye chifukwa chake sanamuphe. Nondo sanagonjepo kwa munthu chiyambire, ndipo sindikanalola kuti ayambe kugonja m'manja mwanga. Anaona madzi, anadziwa chimene amuchite, analowamo yekha. Palibe anamukankha. Tsopano Dalali wanuyo atsala moyo wake wonse akudziwa kuti sanathe, ndipo mpata wina sadzaupezanso. Amene ndamulanga ndi ameneyo."

Panamveka kung'ung'udza kwa anthu ogwirizana nazo. A Nassoro anangoluma kashata.

Mnyamata wina wa njinga yamoto anafunsa ngati Nondo adzadzuke, popeza ngwazi za m'mabuku a kunja zimafa lero n'kudzuka mawa. Zuhura anati za mawa sanena, koma iye sakonda maliro obwereza. Wina anafunsa za namwino. Wina anati wojambula analakwitsa mafunde. Zuhura ankayankha aliyense modekha, pena moseka, pena movomera kuti apo akanatha kuchita bwino. A Mbaraka ankangomuyang'ana. Ankaona mmene ankadikira munthu kuti amalize, mmene ankapendeketsera mutu asanabaye ndi yankho. Kapendekedwe kameneko ankakadziwa. Kanali kawo.

Kenako anatsokomola, n'kukweza dzanja.

"A Kitwana, inunso?" anadabwa a Lyimo.

"Ine pano sindine bambo wa munthu. Ndine wowerenga." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Mayi mlembi, kale Dalali atabera ana kupita nawo kuchilumba cha Unguja, Nondo anawatsatira poyenda pansi pa nyanja, kuchoka kuno mpaka kukafika. Anatuluka akung'anima ngati supuni yatsopano. Madzi ake ndi omwewa. Mchere wake ndi womwewu. Lero wayamba liti kuopa nyanja?"

Pakhonde panaphulika phokoso. A Nassoro anamenya benchi ndi chikhatho. "Wamugwira. Mwana wa iwe mwini, wamugwira pakhosi."

Zuhura anaseka, n'kudikira kuti phokoso lizizire. "Baba, nthawi imeneyo inu munkakwera makwerero a kireni mukuthamanga, kapu ya tiyi ili kumanja. Makwerero ake akadali omwewo."

Anthu anaseka kwambiri kuposa poyamba, koma a Mbaraka sanaseke. A Nassoro anaona mpata.

"Wamva? Wavomera yekha. Ndinakuuza kuti amajambula iwe."

"Ayi, amalume," anatero Zuhura. "Nondo si bambo anga. Bambo anga madzi amawaopa. Chibadwire sanakwerepo pantoni, popita ku ukwati wina kutsidya, ku Kigamboni, anazungulira pamlatho tsiku lonse. Akanakhala iwo pagombe paja, akanangoimbira foni ozimitsa moto."

Apa ngakhale a Mbaraka analephera kudzigwira. Anaseka mpaka kutsokomola, akuloza mwana wawo ndi chala chonjenjemera.

"Komabe sunandiyankhe bwino," anatero atapeza mpweya. "Chitsulo si mnofu. Sichikalamba ngati munthu."

"Ndiye bwerani mudzaone denga la malata la kunyumba kwanu," anayankha Zuhura.

Mkanganowo unapitirira mpaka kuitana kwa kumzikiti kwa swala ya madzulo kunawabalalitsa. A Lyimo anakana kugamula. Anati mlanduwu ndi waukulu, sungathe tsiku limodzi. Pochoka, a Nassoro anagwira mkono wa a Mbaraka, n'kuyankhula chapansipansi.

"Za dzimbiri zija, pakamwa panatsogola."

"Pakamwa pako panatsogola kuyambira tili ku madrasa. Mawa ubwere ndi mfundo, osati zinyenyeswa za nsalu."

Bambo ndi mwana anayenda limodzi kupita kokwerera basi. Msewu unali ndi matope, ndipo Zuhura anawagwira pachigongono podumpha ngalande.

"Tsopano tili awiri," anatero a Mbaraka. "Undiuze zoona. Mulibemo ine m'menemuja?"

"Muli pamodzi pokha. Pagombe paja, akuyang'ana mawondo ake. Ndinkakumbukira m'mawa uja munakhala pakhomo mutavala kale zakuntchito, mukuyang'ana manja anu. Kenako munapita kukawauza nokha akuluakulu kuti akutsitseni pa kireni musanagwetsere munthu kontena. Palibe anali atazindikira kanthu. Mukanatha kubisa chaka china kapena ziwiri."

Nkhani imeneyo a Mbaraka sanauzepo anzawo a pakhonde. Onse ankangoti zaka zinakwana.

"Unaona zimenezo?"

"Ndinali pawindo."

Basi inafika, kondakitala akuitanira. Zuhura anakwera, n'kusuzumira pazenera.

"Koma musakanene pakhonde. Amalume Nassoro angati anapambana."

"Ndingayambe ndafa," anatero a Mbaraka.

Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale anthu osawadziwa. Atafika anauza Bi Tatu kuti ali ndi njala, ndipo anadya mbale ziwiri.

Nondo sanadzuke. Mwezi wotsatira nkhani inapitirira ndi mtsikana wina amene anali m'pantoni muja, ndipo owerenga ena anasiya kugula, ena atsopano n'kuyamba. Pakhonde pa Shomari anthu anagawikana pawiri, a mbali ya mlembi ndi a mbali yoti Nondo sanayenere kufa. Chodabwitsa n'chakuti a Nassoro anapita kumbali ya mlembi, chifukwa Dalali wopanda mdani anasanduka munthu womvetsa chisoni, ndipo iwo ankati ndi pamene wayamba kukoma. Mtsogoleri wa mbali yotsutsa anali a Mbaraka.

Kumapeto kwa chakacho kunachitika msonkhano waukulu wa okonda mabuku a zithunzi muholo ina ya m'tauni. Achinyamata anabwera atadzipaka utoto wofiira ngati dzimbiri, ena atavala masuti oyera. Zuhura anakhala kutsogolo pamodzi ndi alembi ndi ojambula ochokera ku Nairobi ndi ku Kampala. Itafika nthawi ya mafunso, anthu anaona mkulu wina wa kanzu ndi kachisoti ka kofia ataima pamzere pakati pa ana a sukulu, akudikira mpata wake moleza mtima. Atamupatsa chokuzira mawu, anachigwira ndi manja awiri kuti chisagwedere.

"Dzina langa ndine Mbaraka Kitwana, wa ku Magomeni. Amene wakhala pakatiyo, wa mpango wobiriwira, ndi mwana wanga. Ndinamuphunzitsa kuwerenga ndine." Anadikira kuti m'manja muthe kuwombedwa, ndipo sanafulumire. "Tsopano, mayi mlembi, ndili ndi madandaulo atatu."

Zuhura anaphimba kumaso ndi dzanja, akuseka. Kenako anakokera mpando wake kutsogolo, n'kuwauza kuti ayambe ndi loyamba.